Chikwama cha Lachinayi

Anawaona komaliza ali moyo bambo ake pa siteji ya basi, Lachinayi m'mawa. Iye anali atakhala kale pampando wa pawindo, mabuku ali pamiyendo, pamene bambowo anagogoda galasi ndi chipeso. Chipesocho sichinkachoka m'thumba la malaya awo. Ena amayenda ndi cholembera, iwo ankayenda ndi chipeso, poti anali wometa.

"Tatembenuka," anatero bambowo, iye atatsegula windo. "Kumbuyoku anakumeta ndani?"

"A ku tauni, ababa."

"A ku tauni amameta akuonera mpira. Taona mzere wathawira kumanzere. Ukadzabwera ndidzakonze."

Mayi wina pampando wakumbuyo anaseka, ndipo mnyamatayo anakankha windo ndi manyazi mpaka linatsala kampata. Bambo ake anayang'ana wotchi, n'kunena kuti, "Ndapita, anthu anga akundidikira." Anakwera njinga, chikwama chakuda chachikopa chikulendewera pa handulo, osadikira n'komwe kuti basi inyamuke. Zinamuwawa. Mwana mmodzi yekha, wa ku koleji, kusiyidwa pa siteji chifukwa cha mitu ya makasitomala.

Patatha milungu itatu bambowo anagwa m'shopu, makina akulira m'manja, kasitomala atametedwa mbali imodzi.

Maliro atatha anabwerera ku koleji monga aliyense anamuuzira. Tsiku la mayeso analemba dzina ndi nambala pamwamba pa pepala, kenako maso ake anagwera pakhosi pa mnzake amene anakhala kutsogolo. Mzere wa tsitsi unali wokhota. Anauyang'ana maola awiri athunthu, n'kupereka pepala loyera, n'kukalongedza. Kwawo anthu sanamufunse zambiri, anangomupatsa dzina. "A Koleji, mwadzuka bwanji?" Ena ankanena mwachikondi, ena ndi kamchere, ndipo iye ankayankha onse mofanana. Shopu ya bambo ake inali yokhoma, ndipo akamapita ku msika ankawoloka msewu asanafike pakhomo pake. Ku tchalitchi ankapita chifukwa cha amayi ake, n'kukhala benchi yomaliza, akuyang'ana misana ya anthu amene anadzaza bwalo lawo masiku atatu a maliro kenako n'kuzimirira ngati mame. Tsitsi lake sanaligwirenso. Pofika mwezi wachisanu ndi chiwiri amayi ake anali atatopa kunena.

"Mwana wa wometa, mutu ngati chisa cha khwangwala. Anthu azitiona bwanji?"

"Azitiona kuti wometayo kulibe, amayi."

Amayiwo ankangomuwonjezera tiyi.

Ndi amayi omwewo amene anamupereka kwa Bambo Mfumu. Wansembeyo anali watsopano pa parishi, wa miyezi isanu, munthu wamfupi woseka msanga, ndipo wometa uja sanamuonepo. Anabwera ndi ntchito yochokera kwa bishopu: parishi iliyonse ilembe pulani ya zaka zisanu. Fomu yake inali ndi mitu itatu, Kupembedza, Kufalitsa Uthenga ndi Umoyo wa Parishi, ndipo pansi pa mutu uliwonse panali mabokosi atatu. Zinthu zisanu ndi zinayi basi. Kuti pasapezeke wonena kuti akuluakulu anapangana okha, anagawa timapepala pakhomo la tchalitchi Lamulungu kawiri, aliyense alembe chimene akufuna, aponye m'katoni. Katoniyo itadzaza panafunika wowerenga.

"Ndili naye kunyumba, Bambo," anatero amayi ake. "Masamu anaphunzira mpaka kutsala pang'ono."

Kaofesi ka parishi kanali kuseri kwa tchalitchi: tebulo limodzi, bolodi, kabati yachitsulo yosatsekeka bwino, zidutswa za makandulo m'chitini, ndi fungo la mankhwala opukutira pansi. Anagwira ntchito ndi Amayi Mlembi, amene anali mlembi wa khonsolo ya parishi kwa zaka zambiri, ndiponso amene anamuphunzitsa iyeyo kugwira pensulo ali kamwana. Iwo ankatambasula timapepala n'kuwerenga mokweza, iye ankaika timizere pa bolodi, kachisanu kopingasa.

Anadabwa kuona kuti ntchitoyo ikumukomera. Anthu oposa zana ankafuna kiyibodi yatsopano, poti yakaleyo inkatsokomola pa nyimbo zokweza. Ena zimbudzi, ena denga la holo, ena timu ya mpira yokokera achinyamata, ena sukulu ya akuluakulu yophunzira kuwerenga. Wina analemba kuti akufuna mwamuna wosamwa mowa, ndipo anakambirana kwa kanthawi kuti zimenezo ziikidwe pa mutu uti. Makumi anayi ndi atatu analemba kuti maulaliki afupike.

"Uyu ndikumudziwa," anatero Amayi Mlembi, atayandikiza kapepala kena ku magalasi awo. "Dzanja lopendekera chonchi ndi la mkazi wa a Wapampando. Ndinalimbana nalo chaka chonse."

"Akuti si timapepala ta chinsinsi kodi, aphunzitsi?"

"Chinsinsi kwa amene sanaphunzitsepo kalasi yoyamba."

Mnyamatayo anaseka, koyamba pa miyezi ingapo, mpaka anadziona ngati wolakwa.

Lachitatu, atamaliza kuwerenga, Amayi Mlembi anatulutsa fayilo ya malipoti a makomiti. Anati aone makomiti amene akudwala kuti alowe m'pulani, amene ali bwino asiyidwe, "poti mwendo wosapweteka sitimanga bandeji." Anatsegula masamba limodzilimodzi: kwaya, osesa, a maukwati. Kenako Komiti Yoyendera Odwala ndi Okalamba. Mayina asanu ndi limodzi, lomaliza la bambo ake. Pansi pake panali malipoti a miyezi itatu iliyonse, mzere umodzi wokha, zaka ndi zaka: Komiti ikuyenda bwino. Lipoti lomaliza linali la mwezi watha.

"Aphunzitsi, komiti iyi akuyendetsa ndani?"

"Imeneyo siivuta, mwananga. Chiyambire sinatipweteketsepo mutu. Pita pa ina."

Sanapite pa ina. Anayang'ananso pa bolodi pamene panali timizere take. Mwa timapepala mazana atatu panalibe ngakhale kamodzi kotchula odwala kapena okalamba. Mtima unayamba kutentha, kenako anaona kuti sichinali chipongwe. Timapepala tinagawidwa pakhomo la tchalitchi. Amene analemba ndi amene miyendo inawafikitsa pakhomopo.

Kunyumba anawapeza amayi ake akusita. Atawafotokozera, anaimika simbi, n'kupita kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, pamene chikwama chakuda chinapachikidwa pa msomali chichokereni ku shopu tsiku lija. Anachiika patebulo. M'kati munali makina ometera a m'manja, osafuna magetsi, sizasi, lezala, chowengera zikhadabo, kagalasi koonera, thawulo lopindidwa kanayi, ndi katoni ya sopo yong'ambidwa, yolembedwa m'kati mwake ndi pensulo. Nyumba khumi ndi imodzi. A Dalaivala, kuseri kwa sitolo ya matabwa, ndevu za pamlomo osagwira. Mayi wa kwaya, geti lobiriwira, zikhadabo zokha, galu saluma. A Telala, madzi otentha kwambiri.

"Komiti ndi imeneyo," anatero amayi ake. "Lachinayi lililonse, zaka khumi ndi zinayi. Unkaganiza kuti shopu ankatsekeranji pakati pa sabata?"

"Ndinkati amakameta mabwana m'maofesi."

"Mabwana ake ndi amenewo."

Anthu anga akundidikira. Anakhala pansi pang'onopang'ono, katoni ya sopo ili m'manja.

"Ndiye chimwalirireni iwo palibe anapitako?"

"Ine ndi mawondo awa? Ndinkati a komiti akupita. A komiti ankati chiyani, kaya."

Pulani inkamalizidwa Loweruka. Ikangopita kwa bishopu mabokosi ake atadzaza, nyumba khumi ndi imodzi zija zikanakhala zikuyenda bwino zaka zina zisanu.

M'mawa mwake anakatenga timapepala totsala mu ofesi, n'kupopa matayala a njinga ya bambo ake. Chikwama sanafune kutenga, ankati akungokalembetsa maganizo a anthu. Amayi ake anachikoleka pa handulo, ndipo iye sanachichotse.

Kuseri kwa sitolo ya matabwa kunali kanyumba ka zipinda ziwiri, utuchi utafika mpaka pakhonde. Mpongozi wa mwini nyumba, khanda lili kumsana, anamulowetsa m'chipinda. Pabedi la pawindo panagona mwamuna wa thupi lalikulu, amene anayendetsa mabasi zaka makumi atatu mpaka sitiroko inamuumitsa mbali ya kumanja. Ndevu zoyera zinali zitafika pachifuwa, tsitsi litaphimba makutu.

Anayang'anizana.

"Mwandibweretsera mneneri?" anafunsa a Dalaivala, pakamwa pakukokera mbali imodzi. Kenako anaona chikwama, ndipo anachiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiwe wa ku koleji uja."

"Ndinasiya, bambo."

"Ndinamva. Kuno nkhani zimafika, anthu ndi amene safika. Khala apo. Mitu tafanana, tingathe kuyambitsa mpingo wathu."

Anawafotokozera za pulani, n'kuwawerengera mitu itatu ija. Mkuluyo anamvetsera ngati mmene ankamvetsera injini.

"Lemba. Belu la Lamulungu aziliza motalikirapo. Woliza wa masiku ano amangoligwira ngati likutentha. Ndisanatembenuke kuti ndimve ndi khutu labwinoli, latha. Chachiwiri, uthengawo auyambire kuseri kwa sitolo ya matabwa, si kutali. Chachitatu," anagwira ndevu ndi dzanja lamanzere, "ukuchiona wekha."

"Palibe wokumetani?"

"Mpongoziyu anayesa, khutu linatsala pang'ono kupita. Ana anga akufuna andikweze pa wilibala mpaka ku shopu ya kumsika, anthu akaonere. Ndinawauza kuti sindine thumba la simenti."

"Amagwedezeka okha apongoziwa, kenako amanena ine," anatero mayi wa khanda uja ali pakhomo. M'manja mwake munali kale beseni la madzi ofunda, ngati kuti nkhaniyo inatha kalekale.

Kumeta ankadziwa. Bambo ake anamuphunzitsa pa tchuthi ali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo iye anaphunzira ndi nkhope ya munthu amene akumwa mankhwala owawa, akudziuza mumtima kuti akulimbikira mabuku kuti asadzagwire mitu ya anthu. Koma manja sasunga chakukhosi. Anayala thawulo, anayamba ndi sizasi, kenako makina, kufinya ndi kusiya, kufinya ndi kusiya. Ananyamula mutu wolemerawo pa chikhatho kuti afike kumbuyo. Ndevu za pamlomo sanagwire.

"Bambo ako pemphero lawo linali lalifupi ngati la munthu wothamangira basi," a Dalaivala ankayankhula maso ali otseka. "Koma pakamwa, eee. Kundinena ine, kunena mipira, kunena kwaya. Tsiku unkapita ku koleji lija ndinawakalipira. Anafika madzi titawafunditsa kawiri."

"Anachoka msanga pa siteji tsiku limenelo. Basi isananyamuke n'komwe."

"Pa siteji anachoka, inde. Anakaima pa mphambano ya ku chipatala, pamene basi imachepetsa liwiro. Akuti pa siteji umachita nawo manyazi, ndiye anafuna akuone bwinobwino iwe usakudziwa. Basi yakoyo inachedwa ola lathunthu kudzaza. Ine pano ndikungodikira ngati mkwatibwi."

Makina anaima. Mnyamatayo anayang'ana pawindo, pa mulu wa matabwa, mpaka matabwawo anasiya kusambira m'maso mwake. A Dalaivala sanatsegule maso, ndipo anamupatsa nthawi yonse imene anafuna.

Atamaliza anawagwirira kagalasi. Mkuluyo anatembenuza mutu uku ndi uku, akusisita chibwano chimene anali asanachione kuyambira nthawi ya mvula.

"Dzanja ndi la bambo ako. Mzere wakumbuyo sindikuuona, koma ndikuumva kuti wakhota."

"Wakhota pang'ono."

"Udzaukonza Lachinayi."

Iye anapinda thawulo kanayi.

Pa geti lobiriwira galu sanalumedi. Mayi wa kwaya, amene shuga anamuchititsa khungu, anali pakhonde, ndipo atangomva kulira kwa tcheni cha njinga anaitana dzina la wometa. Kenako anadzigwira pachifuwa.

"Pepa, mwanawe. Khutu silidziwa maliro. Tcheni chimenecho bambo ako ndinawauza kalekale kuti athire mafuta."

Anatambasula manja pa mawondo osafunsidwa. Zikhadabo zinali zitayamba kupindika, ndipo iye anaziviika kaye m'madzi monga ankaonera m'shopu, n'kuyamba ndi kachala kakang'ono. Atawawerengera mitu itatu ija mayiwo anati iwo chofuna chawo n'chimodzi, achiike pamene akufuna: kwaya izidzaphunzirira nyimbo pakhonde pawo kamodzi pamwezi.

"Mphepo ikachokera ku tchalitchi ndimawamva. Amayi a mawu apakati akungotsatira a mawu apamwamba ngati nkhosa. Abwere ndiwakonze ndisanafe. Walemba ngati nkhosa?"

"Ndalemba, amayi."

"Usakometse. Ana a sukulu mumakonda kukometsa."

A Telala anadandaula kuti madzi ndi ozizira ngakhale ankafuka nthunzi. Mwamuna wina sanayankhule konse, anangogwira dzanja la mnyamatayo n'kuliika pamutu pake, ndipo mnyamatayo analemba zimenezo. M'nyumba ziwiri anapeza mabedi atayalulidwa. Eni ake anali ataikidwa miyezi yapitayo, ndipo achibale anati parishi inawaimbira bwino kwambiri. Kuimba maliro parishi imeneyi inkatha. Mawu amenewa anawasunga kuti akawanene Loweruka pamaso pa onse. Anamaliza Lachisanu masana, ali ndi timapepala tisanu ndi tinayi, ndi thuza pa chala chachikulu.

Loweruka m'mawa anaika mpando pakhonde, n'kuwapatsa amayi ake makina. Amayiwo sanafunse chifukwa. Anamufunditsa thawulo lija, n'kuyamba pakati penipeni pa mutu, pamene wometa aliyense sangayambire.

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi wometa, amayi, osaphunzirako?"

"Ukapitiriza kuyankhula ndikusiya chonchi upite."

Tsitsi linadzaza chitayira zinyalala kawiri. Mphepo ya m'mawa inamugwira pakhosi ngati madzi.

Khonsolo inakumana mu holo, anthu khumi ndi asanu pa mabenchi, mapepala aakulu atatu atamatidwa kukhoma. A Wapampando, mwini sitolo ya zitsulo, munthu wabwino wokonda ndondomeko kuposa chakudya, anamuyang'ana kawiri asanamuzindikire.

"A Koleji, makutu muli nawo kani? Tiwerengereni manambala."

Anawerenga, ndipo zinayenda mokoma. Kiyibodi inalowa popanda mtsutso, mkulu wa kwaya akuomba m'manja yekha. Zimbudzi zinalowa, denga, timu ya mpira, sukulu ya akuluakulu. Atafika pa maulaliki anthu anayang'ana pansi, koma Bambo Mfumu anaseka mpaka kuvula magalasi, n'kunena kuti zilembedwe, mawu a anthu ndi amenewo. Bokosi lililonse linali ndi mizere itatu: chochita, wochita, tsiku loyamba. Amayi Mlembi ankalemba ndi dzanja lawo la pa bolodi, lalikulu ndi lowongoka. Dzuwa lisanafike pamutu mabokosi onse asanu ndi anayi anali atadzaza, ndipo ena anayamba kufufuza nsapato pansi pa mabenchi.

"Pali timapepala tina," anatero mnyamatayo, n'kutiika patebulo.

"Katoni tinatseka Lamulungu," anatero a Wapampando mofatsa. "Tikatsegulira mmodzi, mawa abwera ena. Anali kuti eni ake pamene tinkagawa?"

"Pabedi, a Wapampando."

Mnyamatayo anapempha Amayi Mlembi kuti awerenge mayina a Komiti Yoyendera Odwala ndi Okalamba. Anawerenga. Mmodzi anasamuka kalekale. Awiri anamwalira. Atatu otsala anali mu holo momwemo, ndipo woyamba anali a Wapampando. Kenako anapempha lipoti la mwezi watha.

"Komiti ikuyenda bwino," anawerenga Amayi Mlembi, mawu akutsika, n'kutseka fayilo.

Mawu oluma aja, a maliro oimbidwa bwino, anali pa lilime. Koma Amayi Mlembi anamutsogolera.

"Cholakwa n'changa. Bambo ako ndinkawafunsa pakhomo la tchalitchi kuti, 'A komiti, lipoti?' Iwo ankati, 'Lembani kuti ikuyenda bwino.' Chaka ndi chaka mawu omwewo. Ndinasiya kufunsa, ndinkangokopera. Atamwalira dzanja linapitiriza lokha."

"Ine ndinapita nawo kamodzi," anatero a Wapampando, akusisita chipewa pa bondo. "Kwa a Telala. Ndinatsogolera pemphero. Potuluka bambo ako anandiuza kuti, 'Achimwene, pemphero lanu laziziritsa madzi ometera. Inu muzitipempherera muli ku sitolo.' Ndinakhumudwa sabata imodzi, kenako ndinaona kuti zandipepukira. Sindinabwererenso."

Wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Mnyamatayo anapezeka kuti nayenso akumwetulira, chifukwa anawamva bambo ake m'mawuwo, ndi kuyang'ana wotchi kuja komwe. Munthu uja ankakonda kuyenda yekha, ndipo ntchito yake anaikonda mpaka kuibisa. Mawu oluma aja anawameza. Anangowerenga timapepala tisanu ndi tinayi, kamodzikamodzi, monga eni ake ananenera, osakometsa. Pa za belu, woliza belu anati iye sankadziwa kuti kuli omvera kutali. Pa za nkhosa, mkulu wa kwaya anapukusa mutu n'kunena kuti mayi ameneyo sanasinthe.

"Zamveka," anatero a Wapampando. "Koma mabokosi adzaza. Ndipo kumeta kulowa pati? Umoyo wa Parishi mwina. Ndiye tichotse zimbudzi?"

"Zimbudzi musagwire," anatero amayi atatu pamodzi.

"Kufalitsa Uthenga," anatero wina. "Poti n'kuyenda."

"Kufalitsa kwa anthu amene anabatizidwa ife tisanabadwe?"

Anakangana mokoma kwa kanthawi, aliyense akuteteza bokosi lake ngati nkhuku ya anapiye, mpaka Bambo Mfumu anaimirira, n'kutenga cholembera, n'kudula mzere pa bokosi la maulaliki.

"Ichi sichifuna zaka zisanu. Ndiyamba mawa, mudzandiwerengere mphindi. Bokosi ndi ilo."

"Koma lili pansi pa Kupembedza, Bambo."

"Mwini mpingo uno thawulo ndi beseni anagwirapo, a Wapampando. Bishopu akafunsa ndikayankha ine."

Amayi Mlembi analemba pa mzere woyamba, akupanikiza zilembo kuti zikwane: Kuyendera nyumba zisanu ndi zinayi Lachinayi lililonse, ndi chikwama, belu litalike, kwaya pa geti lobiriwira kamodzi pamwezi. Anatsikira pa mzere wachiwiri.

"Wochita?"

"Komiti," anatero a Wapampando mwachizolowezi.

"Komiti sipalasa njinga," anatero Amayi Mlembi, osatembenuka. "Ndikufuna dzina la munthu amene ndingamupeze pakhomo n'kumufunsa kawiri."

Palibe anamuyang'ana mnyamatayo, ndipo anawathokoza mumtima chifukwa cha zimenezo. Anayang'ana thuza pa chala chake. Za koleji sankadziwa, mwina chaka chamawa, mwina ayi. Chimene ankadziwa n'chakuti kuseri kwa sitolo ya matabwa kunali mzere wokhota umene anausiya yekha.

"Lembani ine, aphunzitsi."

Analemba dzina lake lenileni, lonse, limene anamuphunzitsa kulemba iwo omwe. Cholembera sanatseke.

"Mmodzi yekha sindilembanso. Tinaona."

A Wapampando anatsokomola, n'kukweza chipewa pang'ono. "Beseni ndingagwire."

"Nanga pemphero?" anafunsa mkulu wa kwaya.

"Mphindi ziwiri. Wotchi agwire mwanayu."

Amayi Mlembi analemba dzina lachiwiri pansi pa loyamba, n'kutsikira pa mzere womaliza.

Lachinayi, pa 9 Okutobala.